Kumene Inkagona Mausi ya a NyaLuhanga

A NyaLuhanga anakawaika kwawo ku Rumphi Lachinayi lapitali, ine sindinapite. Lole yomwe inanyamula anthu a m'mashopu athu inadzaza ndisanafike, ndinali ndikuperekeza mwana wanga Yankho kusukulu ya mkaka, ndipo pamene ndimathamanga kukwera msewu wa ku Nkhorongo ndinangoona mipango ya azimayi ikukhota pakona. Ndiye mawu andidzadza pakhosi masiku onsewa, ndipo poti kutayipa anandiphunzitsa ndi iwo omwewo, ndati ndilembe, ngakhale sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Akanakhalapo, zolakwika zanga akanakonza mwakachetechete, kenako n'kundikalipira pa chimodzi chokha, chimene ndabwereza kawiri.

Anali mayi wamfupi, wa mapewa otakata, magalasi pachingwe, juzi ziwiri chaka chonse. Anali ndi kachipinda kamodzi pamzere wa mashopu pafupi ndi yunivesite, momwe tinkatayipa, kupulinta ndi kupanga fotokope. Ana a sukulu ankawaitana kuti madamu. Ine ndinkati amama, monga amanenera anthu a kuno. Iwo ankanditchula nyina Yankho, ndipo dzina langa lenileni, Lonesi, linatuluka pakamwa pawo kawiri kokha, tsiku londilemba ntchito ndi tsiku lina limene ndinene kutsogoloku.

Asanatsegule malo amenewa anatayipa zaka zambiri m'maofesi a boma, pa tayipi yachitsulo ija yolira ngati matalala padenga. Zala zawo sizinaiwale. Kiyibodi ya kompyuta ankaimenya ngati yawalakwira, mpaka zilembo zinafufutika, kunangotsala mabatani akuda osalala, ndipo mwana wa sukulu akati atayipe yekha ankangoima n'kumayang'ana. Iwo analibe nazo ntchito, pansi sankayang'anapo. Lolemba lililonse m'mawa ankawenga zikhadabo pakhomo, kenako n'kufumbata kapu ya tiyi mpaka zala zitenthe, ndipo zisanatenthe sankayamba ntchito, kaya mzere wafika kumsewu.

Ine ndinafika ngati wofuna ganyu yochapa, Yankho ali ndi miyezi inayi kumbuyo. Bambo ake anali atapita ku Joni, foni yawo n'kusiya kulowa. Amama sanandifunse zambiri. Anandipatsa mulu wa mapepala osokonezeka, nati ndiwalinganize. Nkhope yanga sanaiyang'ane, ankayang'ana manja. Nditamaliza anati manja anga sanyowetsa pepala, ndibwere mawa seveni koloko ndi mwana yemweyo.

Ndi ana a sukulu ankakangana tsiku ndi tsiku. Wina anabwera ndi asayimenti yolembedwa pamanja, dzina la mnzake atalifufuta pamwamba n'kulembapo lake. Amama anawerenga tsamba loyamba, n'kumubwezera, amvekere imeneyi ndinaitayipa kale chaka chatha, ndipo patsamba lachitatu pali mawu olakwika omwe ndinakonza, wakopera ndi cholakwika chomwe. Anatsegula tsamba lachitatu pamaso pa anzake, cholakwika chilipodi. Anatuluka akutukwana m'Chizungu, iwo n'kumuyankha m'Chizungu chabwino kuposa chake. Patapita sabata anabweranso ndi yake yake, yoipa, amama anamutayipira osanena kanthu.

Makina ankati samenyedwa. Pulinta ikameza pepala, wina n'kukweza dzanja kuti aipatse khofi, ankamugwira mkono. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti chinthu chikavuta usinthe chimodzi chokha, udikire, uone. Ukasintha ziwiri nthawi imodzi, ankatero, chikachira sudziwa chachiritsa ndi chiti, ndiye mawa chikadwalanso uyambira pati? Lamulo limeneli ankaligwiritsa pa pulinta, pa tiyi akawawa, pa mawondo awo, ngakhale pa milandu ya kutchalitchi. Pondiphunzitsa kutayipa, zaka ziwiri pambuyo pake, anandisunga pamzere umodzi wa zilembo milungu itatu, ine kulira mkati, iwo akuti chala chaching'ono chikadali chaulesi.

Kuseri kwa khoma lathu kunali shopu ya Che Amadu, bambo wa ku Mangochi wa ndevu zoyera, ogulitsa mababu, mawaya, machaja ndi mabatire. Anabwera kuno pamene malo onsewa anali mitengo, nyumba zogona ana a sukulu zisanamere paliponse. Teni koloko iliyonse ankanyamula kampando kawo n'kulowa mwathu, n'kukhala pafupi ndi fotokope pomwe pamatuluka mpweya wofunda, chifukwa kuzizira kwa Mzuzu sanakuzolowere mpaka ndevu kuyera. Amama ankawasungira kapu yawo yawo pa shelefu. Akakhala, mkangano wawo wa masiku onse wayamba. Amama amvekere munthu zaka zonsezi uli kuno Chitumbuka ukudziwa yewo yekha, ndi yewo wakeyo wopunduka. Che Amadu amvekere nanga Chichewa chanu chomwe chimayenda chokwera phiri, ndani anakudandaulirani? Mwezi wa Ramadani amama tiyi ankamwera chozemba, Che Amadu akatuluka. Lachisanu masana, iwo akapita kumzikiti, amama ankandituma kukakhala pakhomo pa shopu yawo, ndiuze makasitomala adikire.

Mausi yopanda chingwe anaigula kwa Che Amadu omwewo. Phewa lawo lakumanja linkapweteka, ndiye ankafuna mausi yoti aziikoka kufupi ndi thupi, osati kutambasula mkono kutsata chingwe. Inabwera ndi kachipangizo kakang'ono ngati chikhadabo, kolowetsa m'kompyuta. Amama ankakatcha khutu, ankati mausi imalankhula, ako kamamva. Ndinaona akutsegula pamimba pake n'kulowetsa batire limodzi, ndipo saizi imeneyo ndinkaidziwa.

Ku Ching'ambo ndinkakhala m'kanyumba kopanda magetsi, kumunsi kufupi ndi dambo, makoma onyowa chaka chonse. Yankho anali ndi chifuwa cholira ngati kamwana ka mphaka, ndipo kukazizira nthiti zake zinkalowa mkati akamakoka mpweya. Utsi wa koloboyi unkamutsokomoletsa, kandulo ndinkaopa kugona ikuyaka. Ndinali ndi katochi kolowa batire limodzi komwe bambo ake anasiya, koma malipiro ankathera ku lendi ndi ufa, ndipo ine sindinkatha kutseka maso osaona nthiti zija zikukwera ndi kutsika. Amama ankaweruka folo koloko, kukwera sakaramento, njinga zonyamula anthu zija, kuti akafike kunyumba kwawo ku Masasa mvula isanayambe. Wosesa ndi kutseka ndinali ine, wotsegula m'mawa ndinali ine. Ndinati ndibwereke batire la m'mausi tsiku limodzi. M'mawa ndinabwezera, chivundikiro n'kutseka bwinobwino. Tsiku limodzi linakhala sabata, sabata n'kukhala mwezi. M'mutu mwanga sikunali kuba ayi, poti ndinkabweza.

Kenako kamuvi kaja ka pa sikirini kanayamba kuima. M'mawa kankayenda bwino, ikamakwana leveni kayamba kudodoma, amama akoka mausi kumanzere kamuvi kali duu, kenako mwadzidzidzi kadumphira kukona. Inali nyengo ya mayeso, ana a sukulu ali mpaka pakhonde, aliyense pepala lake likufunika lero lomwe. Amama sanaimenye. Anavula magalasi, anaitembenuza chagada, amvekere lero tisintha batire basi. Anakagula kwa Che Amadu. Inagwira masiku awiri, lachitatu yayambanso.

Ndiye anati batire si mlandu, poti ndi la dzana lomweli. Anagwada pansi pa tebulo, mawondo akulira, nachotsa khutu lija kumbuyo kwa kompyuta komwe linayang'ana khoma, nalilowetsa kutsogolo, amvekere mwina silikumva chifukwa cha miyendo yachitsulo ya tebuloli. Tinadikira tsiku. Mawa lake anapukuta kadiso kapansi pa mausi ndi kathonje, anatulutsamo katsitsi koyera, kawo komwe. Tinadikira. Kenako anachotsa pulasitiki yonyezimira yomwe inkayalidwa patebulo, nayalapo fayilo ya khaki. Kenako analetsa ana a sukulu kuika mafoni patebulo ndi kulowetsa mafulashi awo pabowo loyandikana ndi khutu, iwo n'kumaseka kuti madamu akuti mafoni athu akulodza mausi. Wina wophunzira za makompyuta anadzipereka kuti afufute zonse m'kompyutamo ayambe chatsopano, amama anamufunsa ngati kwawo amaphwasula denga nkhuku ikasowa. Anangomulola chimodzi, kuyesa mausi pa laputopu yake. Inadodomanso. Amama anasisita kompyuta yawo pamwamba ngati mwana amene wapezeka wosalakwa.

Chilichonse ankachinena mokweza asanachite, ngati akuwerenga mlandu, ine ndili pa fotokope msana nditawapatsa, makutu ali kwa iwo. Ndinkawerengera zomwe zatsala. Masiku ena mantha akandigwira, kapena Yankho akapezako bwino, batire ndinkalisiya, ndiye mawa lake mausi inkagwira tsiku lonse, amama n'kukondwa kuti achiza, n'kumuuza Che Amadu pa tiyi kuti inali pulasitiki ija. Mvula ikagwa, chifuwa chayambanso, ine ndatenganso. Njira yawo inali yoona, woinamiza ndinali ine. Ndinkawaona akuyamba kudzikayikira, akuyang'ana dzanja lawo, akulitambasula ndi kulifumbata, mwina akuganiza kuti ndi ukalamba.

Che Amadu anawasinthira mausi ina yatsopano osatsutsa, anatsegula pamaso pawo, n'kuikamo batire latsopano. Masiku atatu, chimodzimodzi. Apa amama anayamba kuwerengera. Mausi ziwiri, kompyuta ziwiri, tebulo lasinthidwa, khutu lasunthidwa, chosasintha ndi katoni imene mabatire ankachokera.

Linali Lachitatu. Panali mtsikana wina wa chaka chomaliza, pulojekiti yake inkafunika thwelofu koloko, amama akumukonzera masamba. Kamuvi kanaima, iwo anadina, kanadumpha, ndipo chigawo chonse chomwe anakonza m'mawa wonse chinasokonekera. Mtsikana uja anakhala pansi n'kuyamba kulira. Amama anamukonzeranso ndi kiyibodi yokha, mano atakukuta, anamupulintira, anathamanga. Kenako anatenga chitini cha majarini momwe ankasungamo mabatire onse akufa, poti iwo sankataya kanthu mlandu usanathe, n'kutuluka. Ine ndinawatsatira mpaka pakhomo ndi tsache m'manja.

M'shopu mwa Che Amadu munali anthu, telala wa pamzere pathu, mayi wina wofuna babu, ana a sukulu awiri. Amama anakhuthula chitini chija pakauntala, mabatire n'kugubuduzika mpaka pansi. Anati akugulitsa mitembo yovekedwa zatsopano. Anati zaka zonsezi akumwa tiyi wawo, kuseri akuwagulitsa zinyalala. Ndipo ananena china chimene sindinawamvepo akunena kwa munthu, anati kupemphera kasanu pa tsiku n'kwachabe ngati katoni ili yachinyengo.

Che Amadu anatola batire limodzi, naliyesa ndi kababu kawo koyesera. Silinayake. Anayesa lachiwiri, lachitatu. Onse analidi akufa.

"Mayi," anatero motsitsa, "mwanena pamaso pa anthu."

Ine ndinali pamenepo, Yankho akupuma pakhosi panga kumbuyo. Mawu anafika mpaka pamano. Ndinaganiza za lendi, ndinaganiza za dzina loti wakuba likuyenda pamzere wonse mpaka ku Ching'ambo, ndinaganiza za mwana wanga ine ndilibe kolowera. Ndinabwerera mkati n'kuyamba kusesa pomwe ndinasesa kale.

Mawa lake amama anapita okha kutauni, kusitolo yaikulu, n'kugula batire lamphamvu lodula. Ndinalumbira kuti limeneli sindilikhudza. Ndinapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu kunachita chifunga chija chonyowetsa ndi bulangete lomwe, Yankho n'kuyamba kulira pachifuwa madzulo tisanatseke n'komwe, ndipo dzanja langa linapita lokha. Batire limenelo linalimba, linakwanitsa sabata, koma pamapeto pake kamuvi kanaima. Amama anachotsa manja patebulo n'kuwaika pamiyendo. Anayang'ana khoma lotilekanitsa ndi Che Amadu. Ulendo uno sananene mokweza chomwe asinthe. Anapitanso kutauni, anaikamo lina, ndipo folo koloko itakwana anatenga mausi ija n'kuiponya m'chikwama chawo, pamodzi ndi buku la nyimbo.

Sabata yonse mausi inkagona ku Masasa, ndi sabata yotsatira yomwe. Sinadodome ngakhale kamodzi. Ine kunyumba ndinkayatsa machesi limodzi limodzi kuti ndione nthiti, kuntchito ndinkafika maso ali gwaa, nsonga za zala zitapsa, mafotokope n'kumatuluka chadodolido. Amama ankaona, poti manja a munthu ndi amene ankayang'ana, koma sanafunse.

Lolemba lachitatu, atawenga zikhadabo, anatseka chitseko. Chitseko chimenecho sichinkatsekedwa nthawi ya ntchito, ngakhale mvula yamphepo.

"Lonesi," anatero. "Mausi iyi ikagona ku Masasa sidwala. Ikagona muno imadwala. Makiyi tili nawo awiri, iwe ndi ine."

Ndinagwada pasimenti n'kunena zonse, za katochi, za makoma, za nthiti, za machesi, mawu akuphonyana, osapuma. Sanandidule. Nditamaliza anandiuza ndimasule mwana. Anamutenga, anatsegula juzi lake, naika khutu pachifuwa, maso atatsinzina, ngati momwe ankamvetsera pulinta. Anamubwezera kwa ine.

"Batire ndi kanthu yayi. Ukanapempha. Koma iwe unaima apo ndi tsache, ine ndikumuvula munthu pamaso pa makasitomala ake, ndipo unandisiya ndimalize."

Ndinadikira kuti anene kuti ndisiye makiyi patebulo. Anandiuza ndidzuke, nditsegule chitseko, pali mapepala a dzulo osalumikiza. M'mawa wonse sanandilankhule. Ndinkawaona akusuzumira panja kawirikawiri, ndimayesa akudikira wina woti alowe m'malo mwanga. Koma ankadikira kuti m'shopu mwa Che Amadu mudzaze anthu. Atadzaza, anandituma kukaitana telala uja, amvekere anaona chiyambi, aonenso mathero. Anakonza mpango kumutu, n'kupita.

Anagwada pakhomo pa shopu, pasimenti yozizira, mayi wa tchalitchi wa imvi, mawondo omwe ankalira pansi pa tebulo aja. Anthu anapatuka.

"Adada Amadu, ndinakunamizirani. Mabatire anu alibe mlandu. Vuto linali m'nyumba mwanga. Ndinanena pamaso pa anthu, ndikubweza pamaso pa anthu."

Che Amadu anatuluka kukauntala mofulumira, akuti dzukani mayi, dzukani, musatero. Atawadzutsa anawafunsa kuti nanga chinali chiyani.

"Za m'nyumba mwanga zimenezo."

Che Amadu anawayang'ana. Kenako anati chabwino, zatha, n'kubwerera kukauntala.

Titalowa mwathu amama anakhala pampando akupuma movutika, akusisita mawondo. Osandiyang'ana anati iwo apepesa za pakamwa pawo, za manja anga ndikanene ndekha, tsiku ndidzasankhe ndekha, iwo dzina langa sadzalitchula kwa munthu. Ndipo sanalitchuledi.

Mawa lake anatseka shopu m'mawa wonse, nyengo ya mayeso, n'kutikweza pa sakaramento kupita kuchipatala. Ine ndinali nditapitako kawiri n'kubwera ndi mankhwala a chifuwa wamba, chifukwa ndikafika pamaso pa adokotala ndinkangoti akutsokomola. Amama anafotokoza monga ankafotokozera za makina, chimayamba nthawi yanji, kukazizira chimatani, kukakhala utsi chimatani, chasinthidwa ndi chiyani. Adokotala anati ndi mphumu, anatipatsa kopopera mkamwa, n'kundionetsa kagwiritsidwe kake. Kuyambira pamenepo Yankho masana ankagona m'katoni ya mapepala pambali pa fotokope pofunda. Mabatire amama anabwerera kogula kwa Che Amadu, awiri awiri, limodzi m'mausi, linalo ankangolisiya pamwamba pa fotokope osanena kanthu. Mausi ija inakhala zaka, sinavutenso.

Koma teni koloko Che Amadu sanabwerenso. Moni ankapereka, amama amvekere mwawuka uli adada, iwo amvekere tadzuka mayi, kaya inu. Lachisanu ndinkakhalabe pakhomo pawo. Mwana wawo atakwatira amama anapita ndi mphatso, mchemwali wa amama atamwalira Che Amadu anabwera kudzapepesa maliro. Zonse zoyenera zinkachitika. Koma pakhomo pathu sanadutsenso kulowa mkati, akakhala ndi chonena ankaima pakhonde. Amama teni koloko ankathira tiyi wawo okha n'kumwa mofulumira ngati mankhwala, ndipo ana a sukulu ankawakalipira kwambiri ola limenelo. Ine ndinkaona. Tsiku ndi tsiku ndinkaona, zaka zinayi.

Sikuti sindinayese. Ndinkafika mpaka pakauntala, mawu nditakonza kuchokera ku Ching'ambo, Che Amadu amvekere mwana ali bwanji make Yankho, ine n'kugula machesi. Poyamba ndinkaopa dzina la wakuba. Kenako ndinkaopa kuti adzafunsa chifukwa chake ndachedwa chaka, kenako zaka ziwiri. Manyazi ankakula limodzi ndi mwana. Amama sanandikumbutse ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kukalipa. Atadwala komaliza ndinapita ku Masasa ndi nthochi. Anali atachepa pabedi, zala zikugunda pabulangete ngati zikutayipa. Ndinakhala m'mphepete ndikudikira kuti andifunse. Anandifunsa ngati pulinta ikumezabe pepala, anandiuza ndisamalole ana a sukulu kukoka okha. Potsanzika anati yewo chomene, nyina Yankho, chifukwa cha nthochi. Basi.

Loweruka ana awo anabwera ndi galimoto n'kutenga makina onse, makiyi n'kusiyira Che Amadu kuti akapatse eni nyumba. Dzulo m'mawa ndinapita kwa Che Amadu. M'shopu munalibe munthu. Sindinapereke ndi moni womwe, ndinkadziwa kuti ndikapereka ndigulanso machesi. Ndinanena zonse nditaima, manja ali pakauntala.

Sanandidule. Anavula chipewa chawo, anachiyang'ana mkati, anachivalanso.

"Zaka zonsezi," anatero, "ine ndimayesa anagwada pofuna mtendere chabe, mumtima akundikayikirabe. Ndinkati munthu amene wapezadi choona amanena chomwe wapeza. Iwo sananene."

Ndinati sananene chifukwa cha ine.

"Ndamva, mwanangu. Ukanandiuza akadali moyo."

Anatsegula dirowa, anatenga makiyi, n'kutuluka, ine pambuyo. Anatsegula chitseko chathu, naima pakhomo pomwe ankaima. Kenako anavula nsapato n'kulowa.

Chipinda chija chopanda makina chimaoneka chachikulu, ndipo mawu amabwerera. Muli kuzizira komwe sindinakudziwe muno, fungo la pepala lofunda linatha, mwangotsala la simenti yonyowa. Pakhoma pali mabowo a misomali pomwe panali shelefu, ndi malo oyera a makona anayi pomwe panali kalendala. Pansi pali banga lakuda la inki ya fotokope lomwe ndinakolopa zaka zonse osachoka. Soketi imodzi ikulendewera pawaya. Eni nyumba akuti adula pakati, zikhale zipinda ziwiri zogona ana a sukulu.

Che Amadu anapita kukhoma lakumbuyo naima pamenepo, akuyang'ana pansi.

"Tebulo linali pano."

Ndinawauza kuti kale linali pamenepo, koma amama analisunthira pazenera zaka zitatu zapitazo, ankati kumbuyoko kuli mdima. Anandiyang'ana, kenako anayenda pang'onopang'ono mpaka pazenera. Pasimenti pali zizindikiro zinayi za dzimbiri za miyendo ya tebulo, ndipo pakati pake pali posalala, ponyezimira, pomwe zidendene zawo zinkakhuza. Anaima pamenepo. Mzere wathu umakhota pa shopu ya Che Amadu, ndiye munthu ukakhala pazenera limenelo umaona khonde lawo lonse, chitseko, mpaka ngodya ya kauntala.

Kunafika mayi wina ndi babu lakupsa m'manja. Tinamuona bwinobwino akukwera khonde, akusuzumira mkati, akunena odi. Ananenanso kachiwiri, kachitatu. Che Amadu sanasunthe.